Makutu a wokhoma zidebe

Lachiwiri, 4 Malichi

Kabuku aka andipatsa ndi anesi aakulu a wodi ino. Akuti kutsogolo ndizilemba maola amene mdzukulu wanga wagona, zimene wadya, ndiponso ngati wamwa mankhwala. Ndawauza kuti ine kusukulu sindinapondeko, kulemba anandiphunzitsa ndi malemu mkazi wanga titabereka kale ana awiri, ndipo dzanja langa limayenda ngati kamba. Akuti palibe amene akundithamangitsa. Ndiye kutsogoloko n'kwawo. Kumbuyo kuno n'kwanga, poti tsiku la kuchipatala ndi lalitali.

Mdzukulu wangayu ndi wa mwana wanga wamkazi. Ali ndi zaka 19. Timamutcha Injiniya chifukwa ali wamng'ono anamasula wailesi yanga n'kuimanganso, n'kutsala ndi timisomali titatu m'manja, koma wailesiyo inkalankhulabe. Akuphunzira zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja. Amakhala ndi ine chifukwa sukuluyo ili pafupi ndi shedi yanga, mmene ndimakhoma zidebe ndi makeni othirira mbewu. Mayi ake amasoka kufakitale ya zovala, tauni ina.

Watibweretsa ndi mphunzitsi wake. Anabwera kunyumba dzulo ataona kuti mwana wajomba masabata atatu. Anapeza masoketi onse a m'chipinda chake atamatidwa ndi tepi. Injiniya anamuuza kuti kuli anthu amene akulankhula m'khoma ndi m'mawaya, akumunena kuti ndi wakuba, ndipo tsiku lina adzabwera kudzamutenga. Mphunzitsiyo sanaseke, sanakalipe. Anangoti, "Iwe sukugona. Tiye tikaonane ndi anthu odziwa za tulo." Ine anandikokera pambali nati kuli wodi ya achinyamata okhaokha amene zoterezi zangowayamba kumene, ndipo tisachedwe ngakhale tsiku limodzi.

Ndinkaganiza kuti tipeza maunyolo ndi anthu okuwa. Tapeza mabedi khumi ndi awiri, mazenera aakulu, kabwalo ka mtengo umodzi ndi mabenchi awiri, ndi anyamata akukangana za mpira pa TV.

Lachitatu, 5 Malichi

Wagona maola awiri. Wadya theka la buledi ndi tiyi.

Amutenga magazi timabotolo titatu, ndi mkodzo. Pasikelo makilo 54. Chaka chatha anali 61. Atafuna kumuyeza mtima ndi timawaya ta pachifuwa anakana. Mnyamata woyendetsa makinawo sanamukakamize. Anawatembenuza n'kumuonetsa kumbuyo kwake, kolowera magetsi, ndi kapepala kofotokoza mphamvu yake. Injiniya anawerenga zonse, anagwira waya uliwonse, kenako anagona yekha pabedi. Makina amawakhulupirira akawaona m'kati. Anthu ndiye ayi.

Adokotala ndi mayi wamfupi, msinkhu wa mwana wanga. Asanakhale pampando anamupempha kaye iye, ati, "Ndingakhale apa?" Anakhala naye maola awiri. Anamufunsa kuti olankhulawo alipo angati. Akuti atatu, amuna awiri ndi mkazi mmodzi. Anayamba liti? Akuti miyezi inayi yapitayo. Adokotala sananene kuti anthuwo kulibe. Anati, "Miyezi inayi ukunyozedwa osapuma. Watopa ndithu." Ndinaona mapewa a mwanayo akutsika.

Kenako iye anati, "Koma musaganize kuti ndapenga. Si ine ndekha ndimawamva. Agogo amawamvanso. Afunseni."

Adokotala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Iwo anati tidzakambirana tsiku lina.

Lachinayi, 6 Malichi

Maola atatu. Nthochi imodzi, mpunga pang'ono.

Ndilembe bwinobwino apa, pang'onopang'ono, poti sindinauzepo munthu.

Ndakhoma malata zaka makumi anayi ndi zisanu, hamala pachitsulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Makutu anga anatha. Anthu amadziwa kuti ndimamva movutikira, amandiseka, koma palibe amene akudziwa kuti anatha chonchi, chifukwa ndinaphunzira kuyang'ana milomo ya wolankhula. Ndikaphonya ndimangoti, "Eya, ndamva." Mmisiri wogontha makasitomala amamuthawa, amati adzakhoma keni atamuuza chidebe. Ndiye eya ameneyu ndakhala naye zaka khumi, mpaka amatuluka yekha.

Shedi yanga inagundana khoma ndi ya wometa tsitsi, mmene achinyamata amacheza tsiku lonse. Tsiku lina Injiniya akundigwirira lata anaima nati, "Agogo, mwamva? Akunditchula kuseriku." Ine ndinati eya. Ndinaganiza kuti ndi zoona, anyamata a kometera ali ndi pakamwa. Mawa lake anafunsanso, ine eya. Sabata yachitatu anabwera akuti akumunena kuti anaba mawaya a kusukulu. Ndinavula epuloni n'kukalowa mometera muja, hamala ili m'manja, n'kumukalipira wometa pamaso pa makasitomala ake kuti asiye kunyoza mwana wa eni. Munthuyo anangoti kukamwa yasa, makina ometera ali m'mwamba. Injiniya anali pakhomo akuona zonse.

Atayamba kuwamvanso kunyumba, kumene kulibe wometa, mtima unandiuza kuti pali china. Koma ndikanabwerera bwanji? Ndinapitiriza eya. Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa mwana.

Lachisanu, 7 Malichi

Maola awiri ndi theka. Tiyi yekha.

Zotsatira zabwera. Magazi ali bwino, shuga ali bwino, mumkodzo mulibe chamba kapena china chilichonse. Adokotala andilembera dzina la matendawa kuti ndikopere: saikosisi. Akuti ubongo umayamba kumva ndi kukhulupirira zinthu zimene kulibe, ndipo kwa wodwalayo zimamveka zenizeni monga ine ndimaonera dzanja langali. Akuti amakonda kuyamba pa msinkhu womwewu. Akuti ambiri amabwera patapita chaka kapena ziwiri, atasiya sukulu, anzawo atawathawa, ndipo kuwabweza kumakhala kovuta. Ife tabwera msanga.

Anandifunsa kuti lata likayamba dzimbiri ndimatani. Ndinati likangoyamba timapala, likadya mpaka kuboola ndiye chigamba. Iwo anati, "Ndiye mwamvetsa kuposa ophunzira anga." Ine mumtima ndinkawerenga miyezi inayi ija.

Mankhwala ake ndi risiperidoni, kapiritsi kamodzi ka 1 mg madzulo. Akuti achinyamata amawayambitsa ndi mlingo wochepa. Injiniya wakana. Akuti, "Mankhwala ndi a odwala. Ngati ine ndikudwala ndiye agogonso apatseni."

Loweruka, 8 Malichi

Maola atatu. Wakana mankhwala. Wadya dzira limodzi chifukwa ndasenda ndine. Chakudya cha wina aliyense salandira, akuti anthu aja amuuza kuti muli poizoni.

Bedi loyandikana nalo pali mnyamata amene onse amamutcha Golokipa. Watha masabata anayi muno. Bambo ake amayendetsa lole, munthu wamimba yaikulu, amabwera ndi malalanje thumba lonse n'kugawira wodi yonse mpaka anesi. Golokipa anati kwa Injiniya, "Aise, imwa kapiritsiko. Ine ndinkacheza ndi owerenga nkhani a pa TV tsiku ndi tsiku, ankandipatsa moni. Lero amangondinyalanyaza, anthu onyada." Wodi yonse inaseka. Injiniya anati, "Zako zinali za m'mutu. Zanga zili ndi mboni." Analoza ine.

Lolemba, 10 Malichi

Maola awiri. Makilo 52. Wakana.

Lero andigwira. Anesi aakulu ali ndi chimfine, ndiye anavala kansalu kotseka pakamwa. Anandilankhula kanthu ndili pabenchi, ine ndinati eya. Analankhulanso, ine eya. Kenako anachotsa kansaluko, anakhala moyang'anizana nane, nalankhula pang'onopang'ono kuti, "Agogo, ndakufunsani ngati muli ndi pakati. Mwavomera kawiri."

Ndinafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola. Iwo anati, "Inu mumamva ndi maso. Ndakuonani kuyambira Lachitatu. Troli ikagunda chitseko wodi yonse imadzidzimuka, inu nokha ayi." Zimene ana anga sanazigwire zaka khumi, mayi uyu wazigwira masiku asanu, ali ndi odwala khumi ndi awiri pamutu.

Ndawauza zonse, mpaka za wometa. Sanandinyoze. Anangofunsa ngati angauze adokotala. Ndinati auzeni.

Lachiwiri, 11 Malichi

Maola atatu. Wakana.

Adokotala anandiitanira mu ofesi mwawo, anasuntha mpando kuti kuwala kwa pazenera kugwere pankhope pawo. Anati matendawa sindinawabweretse ndine, akanabwera ngakhale ndikanakhala ndi makutu a mphaka. Koma sananamenso. Anati eya wangayo ndiye msomali umene wagwira chikhulupiriro cha mwanayu, ndipo palibe wina angauzule.

Anandiuzanso poyera kuti thupi lake likutha. Akafika Lolemba osadya mokwanira, lamulo limawalola kumubaya jakisoni iye asakufuna. Anati, "Ndingathe, koma sindikufuna kuyamba naye choncho. Tiyenda naye zaka zitatu mwanayu. Ndikamugwira ndi amuna anayi tsiku loyamba, akadzatuluka sadzabweranso."

Ine ndinanena mantha anga. Ndinati padziko lonse wamutsalira ndine ndekha. Amadya chimene ndagwira ine. Ndikamuuza kuti ndinkanama, kapena adzati anthu aja andigula, kapena adzakhulupirira n'kudana nane. Zonse ziwiri atsala yekha.

Adokotala anatembenuza cholembera m'manja. Kenako anati, "Mukangomuuza ndi pakamwa adzati takutumani. Mwana uyu amakhulupirira chiyani?" Ndinati makina. Anati, "Mawa tikuyezani makutu, iye ali pomwepo. Koma akakwiya, mumulole akwiye. Ife tilipo, sitimusiya yekha. Mungapirire?"

Ndinati ndiyesa. Sindinanene eya.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndilemba zonse, ngakhale dzanja likuwawa.

Adokotala anauza Injiniya zoona, kuti akukayikira makutu a agogo ndipo akufuna munthu wodziwa makina akaone yekha. Iye anati, "Tiyeni, mukachite manyazi." Tinapita atatu ndi nesi wamwamuna ku chipinda cha makutu, nyumba ina kuseri kwa khitchini. Muli kachipinda kakang'ono ngati kabati, makoma ake ofewa, kali ndi zenera lagalasi. Woyeza amakhala kunja ndi makina. Wolowa amavala zomvera kumakutu n'kugwira kabatani, akamva kulira adine.

Injiniya anati ayambe ndi iye kuti aone ngati makinawo sanawakonzeretu. Woyezayo, bambo wa imvi za m'mbali, anati, "Lowani, abwana." Anadina batani pa kulira kulikonse, mzere wake unatuluka wowongoka pamwamba. Atatuluka anafunsa manambala a m'mbali mwa pepala, woyeza anamufotokozera ngati mnzake wa ntchito.

Kenako ine. Anatseka chitseko. Ndinagwira batani n'kumadikira kuti ayambe. Pagalasi ndinkaona woyeza akupotokola kachitsulo, Injiniya ataima pambuyo pake, akuyang'ana makina, kenako ine, kenako makina. Ndinadikirabe. Patapita nthawi ndinamva kanthu kakung'ung'udza patali, ndinadina. Kanayi konse. Chitseko chinatseguka, ine n'kufunsa ngati tikuyamba tsopano. Woyeza anati tamaliza.

Injiniya anatenga mapepala awiri aja n'kuwaika pamodzi. Mzere wanga unali pansi penipeni, wotsetsereka ngati denga la khonde. Anafunsa woyeza kuti, "Munthu uyu angamve anthu olankhula kuseri kwa khoma la njerwa?" Woyeza anati, "Ngakhale atakuwa, sangamve."

Pamenepo ndinalankhula. Ndinati, "Mdzukulu wanga, sindinawamvepo. Ngakhale tsiku limodzi. Ndinkachita manyazi kunena kuti ndagontha."

Anandiyang'ana milomo monga ine ndimayang'anira anthu. Anati, "Nanga kwa wometa munapita kukatani?"

"Kukakuteteza."

"Pa zimene simunamve."

Iye anapinda mapepala aja bwinobwino n'kuika m'thumba. Anati, "Ndiye miyezi yonseyi ndinali ndekha." Pobwerera anayenda pambali pa nesi.

Lachinayi, 13 Malichi

Wandithamangitsa pabedi pake. Ndili pabenchi. Sanadye. Wakana mankhwala.

Lachisanu, 14 Malichi

Pabenchi. Bondo likuwawa. Pazenera ndikuona nesi wamwamuna atakhala pafupi naye, sakulankhula, akungosenda lalanje n'kumadya yekha. Wakhala choncho ola lathunthu. Lalanje lachiwiri anagawana.

Loweruka, 15 Malichi

Mayi ake afika ndi basi ya m'mawa. Atamva zonse anabwera kubenchi ataima manja m'chiuno. "Bambo, zaka zonsezi tikukuuzani kuti tikupititseni kuchipatala, inu mumati makutu anu ndi a mnyamata. Taonani tsopano." Ndinati nena zonse mwana wanga, ndikuyang'ana. Analankhula mpaka mawu anamuthera. Kenako anatsegula fulasiki n'kundithirira tiyi, shuga masupuni atatu monga ndimakondera, n'kukhala pansi kulira.

Injiniya wadya mpunga wa mayi ake, masupuni asanu ndi awiri. Anesi ndiwo andiuza. Ndalemba kutsogolo.

Lamulungu, 16 Malichi

Anesi aakulu abwera kubenchi ndi nkhani. Akuti dzulo masana Injiniya anapempha foni ya mayi ake. Anthu aja atayamba kulankhula anaitsamiritsa kukhoma n'kujambula mawu. Atamvetsera munali troli ya chakudya ndi Golokipa akuyimba moipa. Anachita katatu, malo atatu. Kenako anati mwina foniyo ndi yofooka.

Ndinafunsa ngati anamuuza kuti waona tsopano. Anati ayi. "Wayamba kuyesa yekha, agogo. Munthu akayamba kukumba sitimulanda khasu."

Mawa ndi Lolemba lija.

Lolemba, 17 Malichi

Makilo 51.

Adokotala anandiitana kuti ndikhalepo. Injiniya anati ndikhale kukhomo, osati pafupi. Ndinakhala poti ndizitha kuona milomo ya onse.

Sanamubisire za jakisoni. Anamuuza kuti lamulo likuwalola ndipo iwo sakufuna. Kenako anamufunsa kuti nyumba ikamazima magetsi ndipo sakudziwa chifukwa, amatani. Iye anati amasintha chinthu chimodzi n'kuona. Adokotala anati, "Sindikukupempha kuti uvomere kuti ukudwala. Ndikupempha masabata awiri. Chinthu chimodzi, kapiritsi aka. Uzilemba wekha kuti alankhula kangati patsiku ndiponso mokweza bwanji. Ngati ndi anthu enieni, piritsi limene wameza iwe silingawatseke pakamwa."

Anafunsa zimene mankhwalawo amawononga. Anamuuza zonse osachotsera: tulo, njala, kunenepa, kuuma kwa khosi ndi manja, ndipo akaona chilichonse anene, adzasintha. Anapempha pepala la m'bokosi la mankhwala, anawerenga mbali zonse ziwiri, ife tikudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, koma ine kudekha kotere sindinakuonepo, mayi amene panja pali mzere wa odwala kukhala phee ngati alibe kopita.

Iye anati, "Masabata awiri. Koma ndizilemba ndekha. Kabuku ka agogo sindikakhulupirira."

Wamwa 6 koloko madzulo. Anesi amupatsa kabuku kakekake.

Lachitatu, 19 Malichi

Maola asanu ndi limodzi. Wadya kawiri. Wamwa. Sakundilankhula.

Lachisanu, 21 Malichi

Maola asanu ndi awiri. Akweza mankhwala kufika 2 mg.

Lachisanu lililonse kumakhala msonkhano wa makolo, m'chipinda chodyera. Tinalipo asanu ndi anayi. Mlangizi wa wodi, mnyamata wa magalasi, anatiphunzitsa kuti wodwala akanena za mawu tisamavomereze, tisamakanganenso naye. Tizinena kuti, "Ine sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukusautsa." Anatiuza kuti tiyeserere awiriawiri. Ine ndinagwirizana ndi bambo a Golokipa. Iwo anati, "Madala, inu chiganizo ichi ndi chanu, simufunika kuyeserera." Nkhani yanga yafika wodi yonse. Ndinaseka nawo. N'koyamba kuseka za makutu anga.

Mayi wina anati mwana wake anakhala zaka ziwiri m'chipinda chotseka asanabwere kuno, chifukwa ankaopa zonena za anthu. Palibe anamudzudzula.

Lolemba, 24 Malichi

Maola asanu ndi atatu. Makilo 52 ndi theka.

Khosi lauma, akuyenda ngati wasenza ndowa yodzaza, malovu akutuluka pang'ono. Ananena yekha kwa anesi. Adokotala anabwera tsiku lomwelo, anamupinda mikono, anamuyendetsa mukhonde, n'kutsitsa mankhwala kufika 1.5 mg. Anamuuza kuti, "Wachita bwino kunena. Ndinakweza msanga, kulakwa n'kwanga." Sindinamvepo dokotala akunena mawu amenewo kwa mwana wa zaka 19. Iyenso ndinaona kuti adabwa.

Lachinayi, 27 Malichi

Khosi lamasuka. Akudya ngati womanga nyumba. Anesi akuti achepetse buledi ndipo aziyenda kuzungulira bwalo kakhumi m'mawa uliwonse. Amandidutsa pabenchi kakhumi, osayang'ana.

Mphunzitsi wake wabwera ndi mabuku awiri ndi kabokosi ka zida. Akuti malo ake akusungidwa, mayeso adzalemba ndi gulu lotsatira. Mlangizi anali atapita kale kusukuluko kukakambirana kuti akadzabwerera ayambe ndi theka la tsiku. Anthu awa sachiza mutu wokha. Akukonzeratu ndi njira yobwererera.

Golokipa watuluka lero. Anasiyira Injiniya chipewa chake nati, "Ukadzamva TV ikukupatsa moni, undiimbire, ndi anzanga akale."

Lolemba, 31 Malichi

Masabata awiri akwana. Makilo 55.

Anabweretsa kabuku kake kwa adokotala. Anajambulamo mizere ndi manambala ngati pepala la makutu lija. Tsiku loyamba anthu aja analankhula ka 40. Dzulo kanayi, ndipo akuti chapansipansi, ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Mkazi uja wasiyiratu.

Adokotala anafunsa kuti iye akuona bwanji. Anati, "Piritsi silingatseke pakamwa munthu wa kuseri kwa khoma." Kenako anati, "Koma nthawi zina ndimaganizabe kuti alipo." Iwo anati zimenezo zimatha pang'onopang'ono, ndipo ndi zimene azikambirana ndi mlangizi sabata iliyonse. Anamufunsa ngati apitiriza. Anati apitiriza.

Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa mtengo kanthawi.

Lachinayi, 3 Epulo

Maola asanu ndi atatu. Wamwa.

Pozungulira bwalo, ulendo wachisanu ndi chimodzi, anaima patsogolo panga. Anati, "Wometa uja munakamupepesa?" Ndinati ayi. Anati, "Mukapite." N'kupitiriza kuyenda. Mawu oyamba m'masabata atatu.

Ndapita masana omwewo, basi ziwiri. Wometa anandisiya ndilankhule mpaka kumapeto, kenako anati, "Madala, tsiku lija ndinkaganiza kuti wodwala ndinu." Wandimeta ulere, akuti kuchipatala ndisamaoneke ngati tchire. Wafunsa tsiku limene mwana akutuluka.

Lolemba, 7 Epulo

Makilo 56. Akutuluka mawa.

Lero kunali msonkhano womaliza: adokotala, anesi aakulu, mlangizi, mayi ake, iye ndi ine. Ndilembe dongosolo lake kuti ndisaiwale. Mankhwala 1.5 mg madzulo alionse, osasiya ngakhale atamva bwino, mpaka adokotala adzanene. Mlangizi Lachiwiri lililonse. Nesi wamwamuna uja azibwera kunyumba kawiri pamwezi. Sikelo ndi magazi pakatha miyezi itatu. Mowa ndi chamba ayi. Zonsezi zaka zitatu.

Kenako mlangizi anatulutsa pepala limene analemba ndi Injiniya, la zizindikiro zake zoyamba matendawa akamabwerera: kugona maola osakwana anayi masiku awiri otsatizana, kusiya kudya ndi anthu, kuyang'anitsitsa masoketi. Pansi pake pali mzere wolembapo munthu mmodzi amene wodwala wamusankha yekha kuti akaona zimenezi aimbe foni kuwodi, ngakhale wodwalayo atakana. Mlangizi anati munthuyo akhale amene iye amamukhulupirira kuti sangamubisire.

Mayi ake anali atanena kale kuti angathe kumutenga akakhale nawo kutauni kwawo, sukulu adzaona ina. Ine ndinali nditavomera mumtima. Ndinayamba kale kuganiza zoti bedi lake ndidzaikapo malata.

Adokotala anati, "Tilembe ndani?"

Injiniya anayang'ana pepalalo. Mayi ake anakonza mpango wawo. Ine ndinayang'ana milomo yake, poti sindinkafuna kuti wina achite kundiuza.

Anati, "Lembani agogo."

Mayi ake anati, "Iwe, waganiza bwino?"

Anati, "Amayi, inu mukandiona ndikuyang'ana soketi mudzati mwana watopa. Awa anandinamizapo kamodzi, aona mtengo wake. Sadzayerekezanso." Kenako anatembenukira kwa ine, nalankhula motsegula pakamwa kwambiri ngati akulankhula ndi mwana, mpaka anesi anabisa nkhope. "Koma sindinakukhululukireni, madala. Musasokoneze."

Ndinati sindisokoneza.

Anandipatsa cholembera kuti ndisaine. Dzina langa lili ndi zilembo zambiri. Anthu asanu anandidikira. Pepala linkaterereka patebulo, ndiye Injiniya anatambasula dzanja n'kuligwira pakona mpaka ndinamaliza.